Dothi la M'munda wa Amayi

Chigaru, Lirangwe
12 Juni 2024

Okondedwa achimwene a Japhet,

Muli bwanji ku Beira kumeneko? Kuno tadzuka, kungoti mwendo wanga uja umayambiranso kuwawa kukazizira. Alamu anu a Zakeyo ali bwino, akulonderabe kubwalo la ndege ku Chileka. Maluwa ali kalikiliki ndi mayeso a Fomu 4, ndipo akuti ndipereke moni kwa amalume ake.

Musadabwe kuti ndalemba kalata. Foni m'nyumba muno ndi imodzi, ndipo imagona m'thumba mwa alamu anuwo. Nkhani ya munda siyoti izidutsira m'thumba mwa mkamwini. Kalatayi ndiisiya pagolosale ya a Lumbani pa Lirangwe monga munanenera, kuti anzanu aja a Steve, adalaivala a thiraki, aitenge podutsa.

Chimanga chaka chino chatikana. Dzuwa la Febuluwale linachiwotcha chikungoyamba kumasula, moti m'nkhokwe mukusewera nkhuku. Chatsala m'munda ndi nandolo yekha, amene wangoima ngati sanamve kuti kunali chilala. Ngati muli ndi kangachepe, tikumbukireni.

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. Kwabwera mkulu wina dzina lake a Rodney, wa galimoto yoyera ndi nsapato zosongoka zimene sizinapondepo mzere. Akuyendera aliyense amene ali ndi munda m'mbali mwa mtsinje wa Lirangwe. Akuti kampani yawo ikufuna kubwereka mindayi kwa zaka khumi ndi zisanu, aiphatikize ikhale umodzi, aike mapaipi, azilima mbewu zotumiza kunja. Akuti munda ukhalabe m'dzina la mwiniwake, chaka chilichonse tizilandira kenakake, ndipo ofuna ganyu aziyamba ndi eni minda. Mabanja angapo avomera kale. Alamu anu mutu wawazungulira, akungotchula a Rodney ngakhale pakudya.

Ine sindinayankhe kanthu. Amayi anandisiyira mundawu ine monga mwana wamkazi, ndipo ine ndikadzapita ndi wa Maluwa. Koma mwinimbumba ndinu. Ndiuzeni maganizo anu.

Ndine mlongo wanu,
Tinenenji

Beira
7 Julayi 2024

Achemwali, amake Maluwa,

Ndalandira kalata yanu ndipo ndasangalala kumva kuti muli moyo. Inenso ndili bwino, ngakhale fumbi la m'nyumba yosungiramo katundu muno landipatsa kachifuwa. Ndapatsira a Steve thumba la mpunga ndi nsomba zouma pang'ono. Mwendowo muziuthowa ndi madzi otentha.

Za a Rodney ndikuyankhani mosazungulira: musasaine chilichonse.

Ine ntchito yanga ndi kusoka matumba pano padoko. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndimaona nandolo, chitowe ndi soya zikulowa m'makontena, makontenawo n'kukwezedwa m'sitima zazitali kuposa msika wonse wa Lirangwe. Nandolo wina mwa ameneyu ndi wa kwathu konko, ndimamuzindikira ndi mawanga ake. Amwenye ogula akabwera safunsa za chaka chino chokha. Amafunsa abwana athu kuti zaka khumi zikubwerazi mudzatha kutipatsa wochuluka bwanji.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa abwanawo chifukwa chake. Anandiuza kuti anthu padziko lapansi akuchulukirachulukira, ndipo kumaiko akutsidya kwa nyanja ambiri asiya makasu n'kukhamukira m'matauni, kumene akudya zogula. Nyengo nayo yasokonekera paliponse, si kwathu kokha. Mimba zikuchuluka koma nthaka sikukula. Ndiye munda uliwonse umene uli pafupi ndi madzi, anthu adzaulimbirana.

Taganizani, achemwali. Munthu angabwereke chinthu kwa zaka khumi ndi zisanu asanaone chimene chili kutsogolo? A Rodney achiona kale. Akufuna akutsekereni pakhomo tsopano lino pamene muli ndi njala, kuti mitengo ikadzakwera inu mudzangomva fungo.

Agogo athu anachoka kuno ku Mozambiki wapansi, mbewu zili pamutu, kukafuna malo oti palibe adzawalamule polima. Ine ndinabwerera kumene iwo anathawa ndipo ndikusoka matumba a eni. Inu amene muli panthaka yanu musaitaye.

Chinanso, afunseni alamu anga kuti a Rodney awalonjeza chiyani. Mkamwini sakonda nkhani ya munda wa mkazi wake popanda chake chimene waonapo.

Ndine mlongo wanu,
Japhet

Chigaru, Lirangwe
21 Julayi 2024

Achimwene,

Mpunga ndi nsomba zafika, zikomo kwambiri, Mulungu abwezere pamene mwachotsapo. Maluwa wamaliza mayeso, tsopano akundithandiza kuingitsa mbuzi za anthu mu nandolo.

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwalemba bwino ngati mlaliki, koma ine za dziko lapansi ndinazionapo kale. Mwaiwala chaka chija Maluwa ali Sitandade 5? Tonse tinadzala nandolo mpaka kuseri kwa bafa chifukwa ankati Amwenye akumufuna ngati mankhwala. Titakolola tinangomva kuti kwawoko atseka chitseko. Mavenda ankatiseka pasikelo, ena osatiyang'ana n'komwe. Nandolo uja anathera m'mimba mwa anankafumbwe, ndipo ine ndinagulitsa mbuzi kuti mwana apite kusukulu. Dziko lapansi lanulo limamva njala chaka chino, chaka chamawa lakhuta, ndipo silitsanzika.

A Rodney akuti mtengo ukwere kapena ugwe, zathu tizilandirabe. Mawu amenewo kwa munthu amene nkhokwe yake ili pululu amakoma.

Komabe sindinasaine. Ndikungofuna ndikufunseni chinthu chimodzi, ndipo musandipsere mtima. Mundawu munauthawa kalekale, munkati khasu limakalambitsa. Pamaliro a amayi simunagoneko ngakhale sabata, ndipo kumundako simunapondeko. Chikondi chimenechi chayamba liti? Mukuti a Rodney aona chimene chili kutsogolo. Inunso mwachiona, ndiye inunso ndikuopeni?

Kalata yanu ija alamu anu anaipeza mu Baibulo mwanga n'kuiwerenga yonse. Atupa, akungodya n'kukagona. Amake Evelyn, oyandikana nawo munda aja, nawonso andiuza kuti ndichenjere, akuti anthu opita ku Mozambiki chuma chawo chimakhala ndi njira zake. Ndinawadzudzula kuti inu ndinu mwana wa mkulu wa mpingo.

Ndiyankheni msanga, a Rodney akuti akufuna kuyamba kulima mvula isanagwe.

Tinenenji

Beira
10 Ogasiti 2024

Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Mwandibaya ndi funso lanu, koma sindikukwiya. N'zoona khasu ndinalithawa. Koma munthu ukamasoka matumba a mbewu za eni zaka zonsezi, tsitsi n'kuyamba kuyera, umayamba kuganiza za kwanu.

Za chaka chija mwanena zoona. Kudalira mbewu imodzi ndi wogula mmodzi n'kudziika pakamwa pa ng'ona. N'chifukwa chake ndikufuna tidziwe zonse zimene nthaka ya amayi ingabereke, kuti ikagwa mtengo mbewu ina, ina izitigwira dzanja. Pakampani pathu pano pali mlangizi wa zaulimi, a Aubrey, kwawo ndi ku Mulanje. Ali ndi makina oyezera dothi. Akaliyeza amadziwa chimene likusowa, mbewu zimene lingalole, ndi feteleza woyenera, osati kumangothira chithirethire. Avomera kundiyezera ulere.

Ndiye chonde mundikumbire dothi pang'ono pangodya zinayi za munda ndi pakati pomwe, kuya kwake ngati chikhatho, muliike m'jumbo. A Steve adzalitenga pobwerera kuno. Akadzapeza kuti mwachokapo adzakumba okha, chifukwa thiraki yodzaza katundu saiimika nthawi yaitali. Ndawauza kuti ndi munda wa mtengo wa mango waukulu uja, mukangodutsa pamlatho.

Maganizo anga ndi akuti ndigule pampu yothirira ndi zimene ndasunga. Mukadzaphatikizana ndi anzanu a m'mbali mwa mtsinjemo, n'kumagulitsa pamodzi osadzera kwa mavenda, zimene a Rodney akufuna kudya mudzadya ndinu. Ine sindikufunapo kanthu. Ndikufuna Maluwa asadzasoke matumba a munthu.

Alamu anga muwapepesere ngati ndinawalakwira, ngakhale funso langa lija sanayankhe.

Japhet

Chigaru, Lirangwe
1 Sepitembala 2024

A Japhet,

Sindikudziwa ngati ndifunse za moyo wanu, chifukwa zikuoneka kuti muli ndi mphamvu zokwanira. Chikulembereni mu Julayi muja simunandiyankhe. Ndinakufunsani funso, inu mwayankha ndi zochita.

Mwezi wathawu tinataya amayi awo a Lumbani a pagolosale aja. Tsiku loika maliro mudzi wonse unali kumanda, golosale yotseka, m'nyumba mopanda munthu. Inu mukudziwa kuti tsiku la maliro palibe amene amagwira khasu kapena kuponda m'munda. Amake Evelyn anabwerera kunyumba kukatenga mbale zoti adyeremo adzukulu. Podutsa pamlatho anaona thiraki itaima, ndipo m'munda mwa amayi munali a Steve anuwo ndi chikwanje. Anabisala kuseri kwa nandolo wawo n'kumaonerera. Akuti anakumba pangodya yoyamba, yachiwiri, mpaka zonse zinayi, kenako pakati, n'kuthira dothilo m'jumbo yakuda. Akuti ankachita zonsezi mothamanga, akuyang'ana uku ndi uku.

Ndinapita ndekha kukaona. Maenje asanu alipodi.

Achimwene, ine ndine mayi wa Mvano. Ndimavala zoyera Lachinayi lililonse ndipo zamankhwala sindimafuna kuzimva. Koma ndinakulira pamudzi pano, ndipo inunso munakulira pompano. Munthu wotenga dothi la m'munda mwa mnzake mwakabisira, pangodya zonse, tsiku la maliro, mukudziwa dzina limene timamupatsa. Mudzi wonse ukunena kuti mukukawa, kuti mukukokera zokolola zathu kumatumba anu a ku Beira.

Ndinkawatsutsa mpaka sabata yatha pamene tinamenya nandolo. Anaoneka bwino chonchija ali m'munda, koma makoko ambiri angokhala mphepo yokhayokha. Mwina ndi mbozi, zinalipodi chaka chino. Koma nanga bwanji amake Evelyn apeza wochulukirapo, chonsecho minda yathu inangolekana ndi mzere umodzi?

Mtima wanga ukuwawa kwambiri. Ndinakutungirani madzi osamba pamaliro a amayi, ndinakutetezani anthu akamakunenani. Kuchitsime akazi amasiya nkhani ndikafika. Maluwa akukana kudya mpunga munatumiza uja.

Kalatayi ndipatsira dalaivala wina, a Steve sindikufuna kuwaonanso pakhomo panga. Ngati muli ndi chonena nenani, ndipo dothi la amayi libwere.

Tinenenji

Chileka
2 Sepitembala 2024

Kwa Bambo Japhet,

Ndine Zakeyo, mlamu wanu amene mumati mkamwini wosayenera kulankhula. Ndaika kapepala kanga mu envelopu yomweyi kuti timvane ngati amuna.

Choyamba, ine zaufiti sindizitenga. Ndimagwira ntchito pabwalo la ndege, ndimaona azungu ndi Amwenye tsiku lililonse, ndipo ndikudziwa mmene bizinesi imayendera. Nkhani ya dothiyi ndinakaitula kwa a Rodney. Anaseka n'kunena kuti akazi a m'mudzi asavutike, si mankhwala ayi. Akuti wogula malo aliyense wanzeru amayamba watenga dothi kukaliyeza, kuti adziwe mtengo woti atchule. Akutinso kudoko kumene muliko kwadzaza anthu osakasaka minda ya ku Malawi kuno.

Ndiye tsopano tamvetsa chifukwa chimene munkatiletsera kusaina. Munali kale ndi kasitomala wanu.

Chachiwiri, munafunsa kuti andilonjeza chiyani. Andilonjeza ntchito ya ukapitawo wa alonda, yamasana, pafupi ndi nyumba. Sindikubisa. Ndakhala ndikupalasa njinga kuchoka ku Chigaru kupita ku Chileka mpaka mawondo atha. Mundawu ndaulima ndi manja angawa chikwatirireni mlongo wanu, inu muli kunyanja. Mwana amene mukuti ndi mbumba yanuyo ndamulera ndine.

A Rodney akungobwereka, dzina la mkazi wanga likhalapobe. Wanuyo akagula, tidzalowera kuti?

Zikomo,
Z.

Beira
22 Sepitembala 2024

Tinenenji,

Makalata anu awiri afika, ndipo ndalephera kudya. Iwe mwana wa mayi anga, amene ndinkakubereka kumsana powoloka Lirangwe atadzaza, lero ukunditcha wokawa? Ndikawe nandolo wa mbozi, ine amene ndimapondaponda nandolo tsiku lonse mpaka kulowa m'nsapato?

Ndinakulembera kalata pa 10 Ogasiti. Ndinafotokoza zonse, kuti dothilo ndi lokayezetsa kwa mlangizi wa pakampani pathu kuti tidziwe mbewu zoyenera. Steve ndamupanikiza. Akuti popita ku Blantyre anaiwala kuima, pobwerera anapeza golosale yotseka, ndiye kalatayo anailowetsa pansi pa chitseko. Kunyumba kwanu sanapeze munthu, anakumba yekha monga ndinamuuzira. Iye kwawo ndi ku Ndirande, anabadwira m'tauni, za maliro a m'mudzi ndi makasu sazidziwa. Kuyang'ana uku ndi uku ankayang'ana thiraki yake, akuba asamumasulire tenti.

Kalata siimera miyendo. Ngati sinakupeze, pali dzanja limene linaitenga, ndipo dzanja limenelo linazolowera kale kupisa mu Baibulo mwako. Ufunse amene walonjezedwa ukapitawo.

Tsopano ndikulankhula ngati mwinimbumba. Pamunda umenewo pasapezeke munthu wosaina kanthu. Ine ndikubwera pa Khirisimasi pamodzi ndi a Aubrey, mlangizi amene ndikunenayo, adzauone mundawo ndi maso awo, auyende malire onse mpaka kumtsinje. Zonse tidzakambirana pamenepo, ndipo mawu omaliza adzakhala anga. A Zakeyo uwauze kuti pabwalo limenelo adzakhala kumbuyo n'kumamvetsera.

Japhet

Chigaru, Lirangwe
13 Okutobala 2024

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Kuno kwatentha, mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mdeka.

Kalata yanu yaukali ija ndinailandira. Ndinapita kwa a Lumbani kukafunsa za inzake imene mukuti inalowa pansi pa chitseko. Akuti atatsegula golosale pambuyo pa maliro sanaone kanthu. Alamu anu ndinawagwiritsa Baibulo, analumbira misozi ili m'maso kuti sanaione. Ndakhala nawo zaka zambiri bambo amenewa, bodza lawo ndimalidziwa, limawagwedeza mphuno. Ulendo uno mphuno sinagwedezeke.

Ndiye ndikhulupirire ndani? Kalata imene palibe anaiona, kapena maenje amene ndinawaona ndi maso anga?

Mwina za kukawa ndinalakwitsa, Mulungu andikhululukire. Koma mwalemba nokha kuti mukubwera ndi munthu wachilendo kudzayenda malire onse mpaka kumtsinje, ndipo mawu omaliza adzakhala anu. Mlangizi amayenda malire? Alangizi amene ndimawadziwa ine amayang'ana masamba a mbewu. Woyenda malire ndi wogula. Ndakhala ndikulephera tulo, ndikuona Maluwa atasenza katundu alibe kolowera.

Lachisanu lapitali ndasaina kwa a Rodney. Anandiuza kuti siginecha ya mwinimunda ndi yokwanira, ya amalume safuna. Ndachita zimenezi kuti mundawu ukhale ndi mpanda umene ngakhale inu simungaulumphe. Zaka khumi ndi zisanu zidzatha, ndipo dzina langa lidzakhala lilipobe. Amake Evelyn nawonso asaina tsiku lomwelo.

Pa Khirisimasi bwerani ngati mukufuna kudzaona manda a amayi. Mlendo wanuyo mumuuze kuti asavutike ndi ulendo.

Tinenenji

Beira
15 Okutobala 2024

Achemwali anga, amake Maluwa,

Muli bwanji nonse? Chikulembereni mwaukali muja sindinamve kanthu kuchokera kwa inu, ndipo ndikudziwa kuti ndinalasa ndi mawu. Pepani. Mkwiyo unandilembetsa ngati ndine mwini munda, pamene ine ndine mlonda chabe wa zinthu zanu. Alamu anganso ndinawaweruza ndisanawamve. Munthu amene walima munda zaka zonsezi sayenera kukhala kumbuyo.

Ndili ndi nkhani yabwino. A Aubrey amaliza kuyeza dothi lija. Anandiitana mu ofesi mwawo n'kundifunsa kuti nthaka imeneyi ili kuti. Akuti ndi yamphamvu, ndipo akuganiza kuti n'chifukwa amayi sankawotcha mapesi komanso sankalekanitsa chimanga ndi nandolo. Akuti chitowe chingachite bwino, soya chimodzimodzi, ndipo kumunsi cha kumtsinje mungamadzale anyezi m'chilimwe. Feteleza sakufunika wambiri monga mumathirira. Za makoko opanda kanthu akuti zikumveka ngati mbozi zoboola makoko, mankhwala ake alipo, adzakusonyezani kapoperedwe kake. Malire akufuna kuwayenda kuti adziwe kutalika kwa mapaipi.

Pampu ija ndagula, ili pansi pa bedi langa. Usiku ndimaigunda ndi phazi n'kumaseka ndekha.

Sindikunena kuti tidzalemera mawa. Abwana athu omwe amanena kuti misika ya kunja ili ngati mvula ya masiku ano, imatha kukunamiza. Koma anthu sadzasiya kudya, achemwali. Zaka zikubwerazi amene adzakhale ndi nthaka ndi madzi adzatchula yekha mtengo, ndipo ndikufuna ameneyo adzakhale Maluwa.

Munati dothi la amayi libwere. A Aubrey anangotapako pang'ono, lotsalalo ndi ili ndapatsira a Steve m'jumbo yake yomwe ija. Mukaitane amake Evelyn ndi onse amene ankanena, aone masana dzuwa likuswa mtengo mukulibwezera pangodya zinayi ndi pakati pomwe linachoka. Mukatero nkhani imeneyi ithe.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Japhet

Chigaru, Lirangwe
17 Novembala 2024

Achimwene anga a Japhet,

Ndikudziwa kuti pofika lero kalata yanga ya mu Okutobala munaiwerenga. Inasemphana ndi yanu panjira, mwina mathiraki ake anapatsana moni pamalire pa Zobuwe. Chiwerengereni simunalembe, ndipo sindikukudandaulani.

A Steve anabwera okha mpaka pakhomo, chipewa chili m'manja, n'kundipatsa jumbo ija ndi kalata yanu. Ndinaiwerenga nditaimirira, kenako ndinakhala pansi pakhomo pomwepo. Patapita masiku a Lumbani ananditumizira uthenga. Ankasuntha matumba a mchere kuti aike feteleza wogulitsa, ndipo pansi pake anapeza envelopu yodyedwa ndi chinyezi, dzina langa lili pamwamba. Inali ya pa 10 Ogasiti. Zonse zinalimo monga munanenera, mpaka mtengo wa mango. Ndinalira pagolosale pomwepo anthu akuona.

Ndinathamangira kwa a Rodney kuti ndibweze ndalama zimene anandipatsa posaina. Sanakwiye n'komwe. Anandipatsa mpando ndi fanta, n'kundiwerengera pamene ndinasaina. Akuti ogula akunja anagwirizana nawo kale za zaka zonsezo, ndiye palibe chingasinthe. Ndinawafunsa ngati zathu zidzakwere mitengo ikadzakwera kunjako. Anandiwerengeranso pomwe paja.

Alamu anu ukapitawo uja sanaupeze, anaupereka kwa munthu wa ku Lunzu. Mwamwayi ku Chileka anali asanatsanzike. Akupalasabe njinga yawo, ndipo dzina la a Rodney silitchulidwanso m'nyumba muno.

Dzulo ndinati ndichite zimene munandiuza. Ndinasenza jumbo ija masana, ndinaitana amake Evelyn, anabwera atazyolika. Achimwene, kumeneko simungakuzindikire. Azunguliza waya kuyambira pamlatho mpaka kumtsinje. Thalakitala yafafaniza mizere yonse ndi malire omwe, minda ya mabanja onse yangokhala chigwa chimodzi chofiira. Mtengo wa mango anauzula, akuti unkatchinga mapaipi. Ndinaima pawayapo kufunafuna ngodya ngakhale imodzi mwa zinayi zija, osaipeza.

Ndinapitabe pageti. Mlonda wake ndi bambo waulemu ndithu. Anandifunsa chimene chinali m'jumbomo, ndipo nditamuuza anapukusa mutu.

"Pepani mayi," anatero, "dothi lochokera kunja sitilola kulowa muno. Abwana akuti lingabweretse matenda ku mbewu."

Ndinamuuza kuti dothili kwawo ndi momwemo, kuti amayi anga analiponda moyo wawo wonse. Anati akumva, koma lamulo ndi lamulo, ndipo ngati ndikufuna ganyu yodzala ndibwere Lolemba ndi chitupa.

Ndinabwerera nalo kunyumba. Ndalithira m'beseni lakale lija amayi ankatsukiramo mbale, ndaliika kuseri kwa khitchini kumene mbuzi sizifika. Ndadzalamo njere zitatu za nandolo wamawanga wa amayi. Pampu yanuyo musaigulitse msanga, ngakhale sindikudziwa kuti tidzathirira chiyani.

M'mawa uno Maluwa anandipeza ndikuthirira ndi kapu. Pamene waya uja adzachoke iye adzakhala mayi wa ana ake, mwina ine kulibe. Anayang'ana besenilo nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi, ndiye munda wanga uja ndi umenewu?"

Ndinangopitiriza kuthirira. Bwerani pa Khirisimasi, achimwene, ndekha sindingathe.

Ndine mlongo wanu,
Tinenenji